Kuchotsa Mizere Yokandika pa Pulasitiki Woonekera ndi Wonyezimira wa Mkati mwa Galimoto

Mkati mwa galimoto muli zigawo ziwiri zimene zimaoneka zokalamba msanga kuposa zina zonse, ngakhale mwini wake atakhala wosamala chotani. Choyamba ndi chivindikiro choonekera chimene chimatchinga sipidomita ndi mamita ena, chija ambiri amachitcha galasi ngakhale kuti ndi pulasitiki. Chachiwiri ndi pulasitiki wakuda wonyezimira, uja amati piano black, amene opanga magalimoto masiku ano amakonda kuika mozungulira giya, wailesi, mabatani otsegulira mawindo ndiponso pa chiwongolero. Galimoto ikakhala pamthunzi zigawo zimenezi zimaoneka bwinobwino, koma dzuwa la m'mawa kapena la madzulo likalowa cham'mbali, pamaoneka timizere tosawerengeka topingasana, ndipo pa chivindikiro cha mamita timizereto timamwaza kuwala moti manambala a liwiro amavuta kuwerenga.

Timizere tambiri totere timachoka ndi polishi woyenera, kansalu kofewa ndi kuleza mtima. Chimene chimagwetsa ulesi n'chakuti munthu amapolisha lero, pakatha milungu ingapo timizere tabwereranso, iye n'kupolishanso, osadziwa kuti polishi amachotsa kukandika mwa kudya pulasitiki wozungulira mzerewo kufikira pamwamba ponse patatsika n'kufanana ndi pansi pa mzerewo. Pulasitiki wodyedwayo sabwerera, ndipo pa zigawo zopentedwa nthawi zimene mungapolishe n'zowerengeka. Pa chifukwa chimenechi, ntchitoyi iyenera kuyamba ndi kudziwa chimene chikukanda, mtundu wa pulasitiki amene muli naye ndi kuya kwa mizereyo, botolo la polishi lisanatsegulidwe n'komwe.

Chimene chimakanda

Makiyi, mphete, zibangili, ndalama zachitsulo ndi foni yoponyedwa pafupi ndi giya zimasiya mizere ikuluikulu yoonekeratu, koma timizere tambirimbiri tija timene timaononga kunyezimira timabwera ndi dzanja la munthu amene akuyesa kuyeretsa. Fumbi la mumsewu limakhala ndi timchenga ta mwala wa quartz, umene pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa zinthu, yoyambira pa 1 kulekezera pa 10, uli pa 7. Galasi la mawindo lili cha pa 5.5, pamene mapulasitiki oonekera amene tikunenawa ali cha m'ma 3 basi. Tanthauzo lake n'lakuti kansalu kouma kakadutsa pa pulasitiki wafumbi, kamchenga kalikonse kamakokedwa n'kusiya kanjira kake, ndipo mukamapukuta mozungulira m'pamene pamabwera mizere yozungulira imene imaoneka kwambiri padzuwa. Kuwonjezera apo, kukwecha pulasitiki ndi nsalu youma kumasiya mphamvu ya magetsi yokoka fumbi, moti pakangopita kanthawi kochepa fumbi lina lakhalaponso, dzanja n'kubwereranso.

Kuno kwathu zimenezi zimakula kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamene misewu yafumbi ndi mawindo otsegula zimadzaza dashibodi tsiku ndi tsiku. Kumalo ambiri otsukira magalimoto, nsanza imene yangopukuta zitseko ndi matayala ndi yomweyo imene imalowa mkati n'kudutsa pa mamita, ndipo tsiku limodzi lotere likhoza kufafaniza ntchito yonse ya kupolisha. Magalimoto amene mamita ake ali pakati pa dashibodi, monga Toyota Sienta ndi Toyota Vitz zoyambirira, amavutika kwambiri chifukwa chivindikirocho chili poyera, pamene aliyense wopukuta amafikapo mosavuta. Tishu ndi pepala la nyuzi nazo si zofewa monga momwe zimamvekera m'manja, chifukwa ulusi wake ndi wochokera ku mitengo ndipo umakanda pulasitiki wonyezimira ngakhale patakhala popanda fumbi.

Kudziwa pulasitiki amene muli naye

Zivindikiro zambiri za mamita zimapangidwa ndi acrylic, amenenso amalembedwa kuti PMMA, ndipo zina ndi polycarbonate, amene amalembedwa kuti PC. Acrylic ndi wosavuta, pakuti ndi chinthu chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo amawala bwino kwambiri akapolishidwa. Polycarbonate sasweka msanga koma pamwamba pake ndi pofewa, choncho kawirikawiri opanga amamukuta ndi chophimba chopyapyala cholimba, ndipo polishi wamphamvu akaboola chophimbacho pamatsala chigamba chooneka mosiyana ndi pena ponse, chimene njira yokha yochibisira ndi kuchotsa chophimba chonsecho. Ngati chigawocho mwachichotsa m'galimoto, yang'anani kumbuyo kapena m'mphepete mwake, chifukwa opanga amadinda mtundu wa pulasitiki pakati pa zizindikiro ziwiri zosongoka, monga >PMMA<, >PC<, >ABS< kapena >PC+ABS<.

Pulasitiki wakuda wonyezimira ali m'magulu awiri amene maso sangawasiyanitse msanga. Wina ndi wakuda mkati monse, ndipo kunyezimira kwake kumachokera ku chikombole chosalala chimene anaumbiramo. Wina ndi pulasitiki wotchedwa ABS, kapena PC+ABS amene ndi ABS wosakaniza ndi polycarbonate, wopoperedwa penti wakuda, nthawi zambiri ndi vanishi woonekera pamwamba, ndipo vanishi ameneyu amakhala wopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Njira yodziwira ndi kupaka kadontho ka polishi wofatsa pa kansalu koyera n'kukwecha pang'ono pamalo obisika, monga m'mphepete mmene mumalowa pansi pa chigawo china. Kansalu kakakhala koyerabe, ndiye kuti pali vanishi ndipo mukupolisha vanishiyo. Kakada, ndiye kuti mwina pulasitikiyo ndi wakuda mkati monse, zimene zilibe vuto, kapena ndi penti wopanda vanishi, amene sachedwa kutha. Kumbuyo kwa chigawocho kumathetsa kukayikako: kukakhala kwa mtundu wina, monga kotuwa kapena koyera, dziwani kuti kutsogoloko ndi penti ndipo dzanja lanu liyenera kupepuka kwambiri. Zigawo zooneka ngati matabwa onyezimira m'magalimoto monga Toyota Crown ndi Mark X muzione ngati zopentedwa, popeza kawirikawiri maonekedwe a thabwawo amakhala chithunzi chabe chokutidwa ndi vanishi.

Sikirini ya wailesi ndi mapu musaipolishe. Masikirini ambiri ali ndi chophimba choletsa kuthwanima kapena choletsa zidindo za zala, ndipo mawailesi akale a m'magalimoto ochokera ku Japan, aja amafuna kudinikiza pang'ono kuti amve, ali ndi kapulasitiki kofewa pamwamba kamene polishi amakasiya ndi zigamba zowala zosachoka. Mankhwala ake a sikirini yokandika ndi kuimata kapulasitiki kotetezera konga ka pa foni, chifukwa guluu wake amadzaza timizere ting'onoting'ono n'kutibisa. Chimodzimodzinso pulasitiki wooneka ngati chitsulo chonyezimira pa zogwirira zitseko ndi m'mphepete mwa mabowo a mpweya: chitsulocho n'chopyapyala kwambiri ndipo chikangoperepeseka, pulasitiki wa pansi amaonekera.

Kuyeza kuya kwa mizere, ndi zinthu zina zimene si mizere

Musanaweruze chilichonse, tsukani malowo. Uzirani fumbi kapena lisaseni ndi burashi yofewa kwambiri, kenako nyowetsani kansalu ka microfibre, kaja kofewa ka ulusi waung'ono kwambiri, m'madzi oyera osakaniza ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, kafinyeni, n'kupukuta mopepuka kulowera mbali imodzi, mukutembenuza kansaluko kuti pamene pagwira fumbi pasabwererenso. Pakauma, walitsani tochi ya foni cham'mbali, galimoto ili pamthunzi, ndipo mudzaona mizere yonse monga momwe ilili. Yendetsani chikhadabo modutsa mzere umene ukukudetsani nkhawa, osati motsatira. Chikhadabo chikangodutsa osamva kanthu, mzerewo ndi wosaya ndipo polishi yekha akwanira. Chikakodwa, mzerewo ndi wakuya: pa acrylic mwina ungachoke ndi sandipepa, koma pa chigawo chopentedwa n'kutheka kuti wadutsa kale vanishi, ndipo chimene mungachite ndi kungouchepetsa mphamvu mwa kusalaza m'mphepete mwake. Kuyesa kwina ndi kunyowetsa malowo ndi madzi, chifukwa mizere imene imasowa pamene pali ponyowa n'kubwerera pakauma imakhala yoti ingathe kupolishika.

Si chilichonse chooneka mbuu chimene chili kukandika, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amatayira nthawi. Ngati mukuona timing'alu tosawerengeka tonyezimira mkati mwenimweni mwa pulasitiki, koma chikhadabo sichimva kanthu pamwamba, pulasitikiyo anang'alulidwa ndi mankhwala kapena ndi kutentha kwa zaka zambiri, ndipo polishi sangafikeko. Mankhwala amene amachita zimenezi ndi odziwika: thinasi, petulo, mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo amene amakhala ndi acetone, mankhwala otsukira mabuleki, ndi mankhwala otsukira mawindo amene ali ndi ammonia. Sipiriti ndi sanitaiza nazo zikhoza kung'alula acrylic, makamaka pafupi ndi timakilipi ndi masikuluwu pamene pulasitikiyo ndi womangika kale. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu amene ali ndi DEET amasungunula mapulasitiki ambiri, moti chala chodzola mankhwalawa chikhoza kusiya chidindo chosachoka pa piano black. Perefyumu wamadzi wa m'galimoto, uja amakolekedwa pa mabowo a mpweya, akadontha amadya vanishi n'kusiya bala lotupa kapena lonata. Mabala osaya a mtundu umenewu nthawi zina amachepa ndi polishi, koma akuya amafuna kupentanso kapena kusintha chigawocho.

Palinso chifunga chimene chimakhala mkati mwa chivindikiro cha mamita, chochokera ku utsi wa fodya, ku chinyontho, kapena ku nthunzi imene mapulasitiki a dashibodi amatulutsa akatenthedwa ndi dzuwa. Mukapolisha kunja kwa nthawi yaitali koma osaona kusintha kulikonse, ganizirani zimenezi. Chifunga chotere chimachoka ndi madzi a sopo basi, chivindikirocho chikachotsedwa.

Kuchotsa chigawo kapena kuchitchinga

Ntchito imayenda bwino kwambiri chigawo chikakhala patebulo kusiyana ndi kupinda msana pansi pa chiwongolero, ndipo pa chivindikiro cha mamita ine ndimaona kuti kuchotsa n'koyenera pafupifupi nthawi zonse, popeza m'makona simufikika ndipo polishi amalowa m'kabowo ka kamtengo kobwezera makilomita. Zivindikiro zambiri zimagwiridwa ndi timakilipi ta m'mphepete, zina ndi timasikuluwu tingapo. Gwiritsani ntchito zotsegulira za pulasitiki m'malo mwa sikuludiraiva, ndipo ntchitoyi muichite kukafunda, chifukwa timakilipi takale timathyoka msanga m'mawa wozizira wa mu Juni. Jambulani zithunzi pamene mukumasula kuti musavutike pobwezera. Chivindikiro chikachoka, musakhudze mivi ya mamita, chifukwa ikasuntha pa tsinde lake imayamba kuwerenga molakwika, ndiponso musakhudze nkhope ya manambala, imene imasunga chidindo cha chala mpaka kalekale.

Pochotsa zigawo za pakati zimene zili ndi mawaya, zimitsani galimoto ndi kuchotsa kiyi, ndipo musaiyatsenso mpaka mapulagi onse atabwerera, chifukwa kompyuta ya galimoto ikapeza pulagi yosalumikizidwa imasunga cholakwikacho, ndipo nyali ngati ya airbag ikhoza kukhala yoyaka mpaka ataizimitsa ndi makina oyezera. Komanso musathamangire kuchotsa batire, chifukwa mawailesi ena a m'magalimoto ochokera ku Japan amadzitseka magetsi akaduka, n'kumafuna khadi la SD kapena nambala yachinsinsi imene mwina simunapatsidwe pogula.

Ngati mwasankha kupolisha chigawo chili pomwepo, matani tepi ya opopera penti pa chilichonse chozungulira. Pulasitiki wamanyamanya wa dashibodi, chikopa, nsalu ndi mphira zimagwira polishi n'kuyera mbuu, ndipo pulasitiki wosanyezimira akakwechedwa amasanduka wowala pamalo amenewo mpaka kalekale. Tchinganinso zilembo ndi zizindikiro, monga P, R, N ndi D pafupi ndi giya, chifukwa zina ndi zodindidwa pamwamba ndipo zimafufutika, pamene zina ndi penti wopyapyala wotchinga nyali, amene akaperepeseka kuwala kumatulukira paliponse usiku.

Kupolisha ndi dzanja

Polishi woyenera ndi wopangidwira pulasitiki woonekera. Odziwika ndi monga Meguiar's PlastX, Novus 2 wa mizere yosaya, Novus 3 wa mizere yokulirapo, ndi Polywatch, amene anapangidwira magalasi a acrylic a mawotchi ndipo amabwera m'kachubu kakang'ono kokwanira malo ochepa. Opanga Novus amachenjeza okha kuti nambala 3 si wa polycarbonate, ndiponso kuti nambala 2 ndi 3 si wa mapulasitiki okutidwa ndi chophimba. Pa piano black wokhala ndi vanishi, polishi wofatsa womalizira penti wa kunja kwa galimoto amagwira bwino, popeza vanishi wake ndi wa mtundu wofanana. Polishi wotsukira magalasi a nyali za kutsogolo, amene amapezeka mosavuta m'mashopu a masipeya, akhoza kugwira pa acrylic ngati mutamuyesa kaye pakona. Lamulo lake ndi loti muyambe ndi wofatsa kwambiri, ndipo mukwere kupita kwa wamphamvu pokhapokha wofatsayo atalephera kawiri kapena katatu.

Mufunika tinsalu ta microfibre titatu tatsopano kapena tochapidwa bwino, tochotsedwa kalebulo ndi m'mphepete molimba: kena kopakira, kena kopukutira, kena komalizira. Ikani chigawocho pa thaulo lopinda kuti chisagwedere ndiponso kuti chivindikiro chokhota chisathyoke pochidinikiza. Donthezani polishi pang'ono kwambiri pa kansalu, osati pa pulasitiki, n'kukwecha kachigawo kosaposa chikhatho cha dzanja, kupita uku ndi uku m'mizere yowongoka yodutsana, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mwamphamvu yapakatikati poyamba kenako mopepuka pomaliza. Ubwino wa mizere yowongoka ndi wakuti kamchenga kakalowerera mwangozi kamasiya mzere umodzi woonekera mbali imodzi, pamene mzere wozungulira umagwira kuwala kuchokera mbali zonse. Musalole polishi kuumira pa pulasitiki, ndipo musagwire ntchitoyi padzuwa kapena pa dashibodi yotentha. Pukutani ndi kansalu kachiwiri, walitsani tochi, onani pamene pafika, kenako bwerezani. Pa acrylic mukhoza kubwereza kangapo mosaopa. Pa chigawo chopentedwa lekani mukabwereza kawiri kapena katatu, ndipo pewani kukwecha m'mphepete ndi pamakona, pamene penti amakhala wopyapyala kuposa pena paliponse ndipo m'pamene amayamba kubooka.

Pa piano black ndi bwino kuvomereza msanga kuti mizere ina itsala. Timizere ting'onoting'ono tija tikachoka, kunyezimira kumabwerera ndipo mizere iwiri itatu yakuya imene yatsala siioneka pokhapokha munthu ataifunafuna. Kuthamangitsa mzere wotsiriza ndi kumene kumaboola vanishi, ndipo bala la vanishi wobooka limaoneka moipa kuposa mzere umene mumafuna kuchotsawo.

Mizere yakuya ndi sandipepa

Sandipepa ndi wa acrylic wopanda chophimba ndi pulasitiki wakuda mkati monse basi, ndipo chigawocho chiyenera kukhala kunja kwa galimoto. Gwiritsani ntchito sandipepa wa m'madzi, uja amagwiritsa opopera penti, ndipo kumbukirani kuti nambala ikamakwera sandipepayo amanka nasalala. Muviikeni m'madzi a sopo pang'ono kwa mphindi 10 mpaka 15, n'kumukulunga pa labala yofufutira pensulo kuti zala zisakumbe ngalande. Yambani ndi 2000, ndipo mutsikire ku 1500 pokhapokha 2000 atalephera. Kwechani mopepuka kulowera mbali imodzi, malowo ali onyowa nthawi zonse, kufikira mzerewo utasowa, kenako tsukani bwinobwino n'kupita ku 2500 mukukwecha modutsana ndi poyamba paja, ndipo pomaliza 3000 mutasinthanso mbali. Kusintha mbali kumakuthandizani kuona ngati mizere ya sandipepa wapitayo yatha, pakuti mukadumpha gawo limodzi, polishi sadzatha kuchotsa mizere yotsalayo ndipo mudzabwerera m'mbuyo. Pa gawo limeneli pulasitiki amaoneka woyera mbuu ndipo ambiri amachita mantha, koma kuonekera kumabwerera mukapaka polishi wamphamvu kenako wofatsa.

Chinthu chofunika kusamala ndi kukula kwa malo amene mukukwecha. Mukalimbikira pa mzere penipeni, pamakumbika kadzenje kosaoneka ndi maso kamene kamapotoza kuwala, moti manambala a sipidomita amaoneka okhota mukamasuntha mutu. Pofuna kupewa zimenezi, sandipepa aliyense wotsatira azitenga malo okulirapo kuposa wapitayo, kuti kutsikako kukhale kwapang'onopang'ono.

Amene ali ndi makina akhoza kugwiritsa ntchito kasiponji kakang'ono ka mamilimita 25 mpaka 75, pa liwiro lotsikitsitsa. Mdani wake apa ndi kutentha. Acrylic ndi ABS amayamba kufewa cha pa madigiri 105 a Celsius, polycarbonate cha pa 147, ndipo siponji yozungulira pamalo amodzi imafikitsa pamwamba pa pulasitiki pa kutentha koteroko m'masekondi ochepa, n'kusiya makwinya osakonzeka. Makinawo aziyenda nthawi zonse, ndipo muziima pafupipafupi n'kukhudza ndi kumbuyo kwa chala. Pakafunda, dikirani pazizire.

Zikapanda kuyenda monga mumayembekezera

Ngati mwamaliza koma pulasitiki akuoneka ngati ali ndi chifunga chopyapyala, kawirikawiri polishi amene mwamalizira naye ndi wamphamvu kwambiri, kapena kansalu kadzaza polishi wouma. Tengani kansalu katsopano ndi polishi wofatsa kwambiri, n'kumaliza ndi dzanja lopepuka. Ngati mukuona mizere yatsopano imene panalibe poyamba, ndiye kuti m'kansalu mwalowa mchenga, ndipo kuteroko kulibe mankhwala ena koma kukasiya, kutsukanso malowo ndi kuyambiranso. Piano black wina ndi wofewa kwambiri moti ngakhale microfibre wotsika mtengo amamukanda, ndipo mungayese kansalu kanu pochikwecha kumbuyo konyezimira kwa CD yakale: kakasiya mizere pamenepo, kadzasiyanso pa galimoto.

Dandaulo lofala kwambiri ndi lakuti mizere inasowa tsiku lopolishalo koma inabwerera yonse patangotha sabata imodzi, ili m'malo omwewo. Zikatero, mizereyo sinachoke n'komwe, inangodzazidwa ndi mafuta kapena phula limene lili m'mapolishi ambiri, ndipo mafutawo atauma kapena kupukutika, chilichonse chabwerera poyera. Kuti mudziwe zoona, tsukani malowo ndi madzi a sopo mukamaliza kupolisha, muumitse, kenako muyang'ane ndi tochi. Kudzaza mizere si kolakwika pa chigawo chopentedwa chimene simungathenso kuchipolisha, bola mukudziwa kuti muzibwereza. Koma ngati mizere imene yabwerayo ili m'malo ena, ndi yatsopano, ndipo wopalamula ndi kapukutidwe.

Polishi woyera amene watsalira m'manyamanya a dashibodi amachoka ndi mswachi wofewa ndi madzi a sopo, ndipo wouma kwambiri nthawi zina amachoka ndi labala yofufutira. Fumbi lotsekeredwa mkati mwa chivindikiro pobwezera limapeweka mwa kutsuka chivindikirocho m'madzi, kuchisiya chiume chokha m'chipinda chopanda mphepo, ndi kuuzira mamitawo ndi kapampu ka mphira musanatseke. Mkati mwa chivindikiro musapolishemo ngati mulibe mizere, chifukwa chilichonse chimene mungasiyemo mudzachiona tsiku ndi tsiku.

Za njira za kunyumba zimene anthu amauzana, mankhwala otsukira mano oyera wamba ali ndi timchenga tofatsa ta silica ndipo amachepetsadi timizere tosaya pa acrylic, koma sanapangidwe kuti asiye pamalo powala, choncho kawirikawiri amasiya chifunga, makamaka pa pulasitiki wakuda pamene chilichonse chimaonekera. Brasso wamadzi ali ndi ammonia ndi mafuta osungunula, ndipo ngakhale ena amamuyamikira pa acrylic, pa polycarbonate ndi pa zigawo zopentedwa ndi woopsa. Vim, sopo waufa, phulusa ndi siponji yobiriwira yokwechera mapoto zimakanda kuposa mizere imene mukufuna kuchotsa. Mafuta ophikira ndi mafuta odzola amabisa mizere kwa tsiku limodzi kenako n'kuitana fumbi. Kuwaula ndi moto kapena ndi makina otulutsa mpweya wotentha kumapinda chivindikiro ndi kutupitsa penti, ndipo sikuyenera kuyesedwa mkati mwa galimoto.

Kuti mizere isabwerere

Ntchito yonseyi imakhala yachabe ngati kapukutidwe sikasintha. Sungani kansalu ka microfibre kamodzi m'kathumba kotseka, kogwira ntchito pa mamita ndi pa piano black pokha, pamodzi ndi burashi yofewa; yodzolera ufa kumaso imagwira bwino zedi, bola ikhale yatsopano. Fumbi lizichoka ndi burashi kapena kuuzira, ndipo kansalu kazifika pambuyo pake, kali konyowa pang'ono. Madzi kapena mankhwala azipoperedwa pa kansalu, kuti asalowe m'mabatani ndi m'mamita. Tinsalu timeneti tizichapidwa patokha, popanda mankhwala ofewetsa zovala, ndipo tiziyanikidwa m'nyumba, chifukwa microfibre woyanikidwa pa udzu kapena pa mpanda amatola mchenga ndi chisoso zimene sizichoka ngakhale mutakung'untha. Kansalu kamene kagwa pansi kasabwererenso pa mamita. Mukapita kotsukitsa galimoto, auzeni otsukawo mwaulemu kuti mamita, sikirini ndi pulasitiki wakuda wonyezimira azisiye, mudzapukuta nokha, ndiponso kuti polishi wopopera wa dashibodi asafike pa chivindikiro, popeza silicone wake amasiya mafuta othwanima amene amavuta kuchotsa.

Pa piano black, chitetezo chenicheni ndi kumata pulasitiki woonekera wotetezera penti, wodulidwa molingana ndi chigawocho, amene amalandira mizere m'malo mwa vanishi ndipo akatha amamatulidwa n'kuika wina. Ena amasankha kukuta chigawo chonse ndi pulasitiki womata wosanyezimira wotchedwa vinyl, ndipo pa chigawo chimene vanishi wake wabooka kale, imeneyi kawirikawiri ndi njira yotsika mtengo kusiyana ndi kupentanso. Mankhwala opaka otchedwa ceramic coating amathandiza kuti fumbi ndi zidindo za zala zizichoka mosavuta, koma ndi opyapyala kwambiri moti sangaletse mchenga kukanda, choncho musawadalire pa zimene sangachite. Chotchinga dzuwa pa galasi la kutsogolo galimoto ikaima chimachepetsa kutentha kumene kumaumitsa mapulasitiki ndi kubweretsa chifunga cha mkati chija.

Chivindikiro cha mamita chikakhala ndi ming'alu ya mkati, chophimba chosendeka kapena makwinya a kutentha, chofunika ndi kuchisintha. Kwa ogulitsa masipeya a magalimoto ophwasulidwa, funani mamita a galimoto ya mtundu ndi chaka chofanana ndi yanu, koma muchotseko chivindikiro chokha n'kuika pa mamita anu akale, chifukwa m'magalimoto ambiri makilomita amasungidwa m'mamita momwemo, ndipo m'magalimoto ena mamitawo ndi olumikizana ndi chitetezo cha kiyi, moti kusintha onse kukhoza kubweretsa makilomita olakwika kapena kulepheretsa galimoto kulira. Musanalipire, nyowetsani chivindikirocho kuti fumbi lichoke, chiumitseni, chiwalitseni ndi tochi cham'mbali, ndipo muwerenge timakilipi take kuti muone ngati tonse tilipo.